Kuperekeza Rozaria Kwawo ndi Chitseko cha Mukwa

Mlamu wanga Rozaria anakhala nafe ku Kanakantapa zaka zoposa makumi atatu, ndipo sindinamumvepo akunena kuti akufuna kubwerera kwawo. Anansi athu ambiri sankadziwa n'komwe kuti ndi wa ku Mozambiki. Ankalima tomato ngati ife, ankayimba mu kwaya ya amayi ngati ife, mbuzi za eni zikalowa m'dimba ankazikalipira mu Chinyanja chomwechi cha ku Chongwe. Koma ine ndinkadziwa. Anathawa nkhondo ali kamtsikana, atagwira chitenje cha amayi ake, mpaka anafika ku kampu ya othawa nkhondo kuseri kwa Petauke. Amayi akewo anamwalira komweko. Nkhondo itatha, malole akubweza anthu kwawo, iye anali atadziwana kale ndi mlongo wanga Lazaro, kalipentala amene ankakhoma madesiki pa sukulu ya mu kampumo. Anatsala.

Lazaro anatisiya zaka ziwiri zapitazo. Ana awo atatu ndi akuluakulu, aliyense ali pake. Ndiye tsiku lina pa msika wa Chongwe, mayi wina wa ku Katete wogulitsa mtedza anamuitana Rozaria n'kumupatsa foni kuti amvere uthenga umene unadutsa m'mafoni anayi usanatipeze. Anali mawu a munthu wokalamba, onjenjemera.

"Ndine Felizarda, mng'ono wa amako. Ngati ndiwe Rozaria mwana wa Anasitaziya, uja anapsa ndi phala pachigongono, bwera. Msuweni wako Arimando akuti mtundu wa amako unathera ku Zambia, ndipo munda wawo akufuna aulembetse m'dzina lake. Anthu adzakumana Lachisanu lomaliza la mwezi uno. Ine ndakalamba, mawu anga okha sakulemera."

Rozaria anapinda mkono wa bulauzi n'kuyang'ana chipsera chake ngati akuchiona koyamba. Kenaka anakhala pansi pakati pa madengu a tomato.

Amuna a m'banja mwathu atamva, anati mkazi wamasiye sangapite yekha ku dziko limene analisiya ali mwana, akakangane ndi mwamuna za munda. Ndinawayankha kuti akunena zoona, yekha sangapite, n'chifukwa chake ndipita naye. Pasipoti yanga inali itagona mu sutikesi zaka zinayi, ya ulendo wa mpingo umene unalephereka. Ya Rozaria ndiyo inavuta, chifukwa analibe. Anali ndi kakhadi kakale ka ku kampu basi. Tinapita ku Lusaka katatu, kukhala pa mabenchi a maofesi, mpaka anamupatsa kalata yomulola kutuluka ndi pepala lina lomulola kulowa kwawo. Pepala lomalizalo linatuluka Lachiwiri la mlungu womwewo wa msonkhano. Tinatsala ndi masiku awiri.

Lachitatu kukucha ndinafika pakhomo pake ndi chikwama changa. Ndinamupeza wamanga katundu: chikwama, thumba la mbewu ya chimanga, mapoto awiri, ndi chitseko. Chitseko chenicheni cha mukwa, cholemera, chimene Lazaro anapala miyezi yake yomaliza koma sanachiikepo pa nyumba iliyonse. Rozaria anali atachikulunga ndi bulangete n'kumanga ndi mphira.

"Mulamu, ichi chiyenda kuti?" ndinafunsa.

"Kwamene niyenda ine."

"Nyumba mulibe uko."

"Nyumba nizamanga. Chitseko nili nacho kale."

Ndinaona nkhope yake n'kugwira mbali imodzi ya chitseko. Tinakwera kantala, lole yaing'ono ya mnansi wathu yonyamula tomato, ife pamwamba pa mabokosi, chitseko chili pamiyendo pathu. Msewu wa dothi wochoka ku Kanakantapa unatigwedeza mpaka mano kugundana, ndipo tinafika pa Chongwe tili ofiira ndi fumbi.

Pa Chongwe basi ya kummawa sukwera pa depoti. Umaima m'mbali mwa msewu waukulu n'kudikira zochokera ku Lusaka, ukupemphera kuti mukhale mipando. Yoyamba inaima, kondakitala anayang'ana chitseko n'kumenya basi kuti ipite. Yachiwiri sinaime n'komwe. Dzuwa linakwera, ogulitsa mazira owiritsa anatizungulira katatu mpaka anatopa nafe. Ine ndinayamba kuwerenga maola ndi zala, koma Rozaria anangokhala pa thumba la mbewu, chitseko atachitsamiritsa pa mtengo.

Yachitatu inali yakale, utoto utasuluka. Kondakitala wake anali bambo wa mimba yaikulu, wokonda kuseka.

"Ba mayo, musamuka na nyumba yonse? Mawindo ali kuti?"

"Ba kondakita, tithandizeni. Tiyenda ku Katete chabe," ndinatero.

"Ichi chilipira monga muntu."

"Muntu amene sakhala pa mpando, sadya, sapempha kuima pa thengo?" anatero Rozaria. "Muntu wabwino so mumupeza kuti?"

Kondakitala anaseka mpaka kugwira bondo, natilipiritsa theka la mtengo wa munthu. Chitseko chinalowa pansi pa basi pamodzi ndi matumba a feteleza, ife tinapeza mipando kumbuyo kwenikweni. Pafupi nafe panali mayi wa mwana wakhanda wopita ku Sinda, ndi bambo wina wa jekete la bulauni amene ankalankhula pa foni mokweza kuti basi yonse idziwe kuti ali ndi famu.

Tinadutsa Rufunsa bwinobwino. Titalowa m'mapiri aja a makhota asanafike pa Luangwa, basi inayamba kubuula pa chikweza. Kenaka kunamveka phokoso ngati poto waphulika, nthunzi inadzaza kutsogolo, dalaivala anaikokera m'mbali n'kuzimitsa. Paipi ya madzi inali itang'ambika. Panalibe mudzi, panalibe golosale, foni sinkagwira. Kondakitala anakwera lole yodutsa kukafuna paipi ina, natiuza kuti abwera pakangopita ola limodzi. Tonse tinadziwa kuti ola la kondakitala si ola la wotchi.

Kuti apeze zipangizo, dalaivala anatulutsa katundu yense wa pansi, chitseko chathu chikuyambirira. Ola loyamba anthu anadandaula. Ola lachiwiri anatopa nako kudandaula. Ola lachitatu njala inayamba kulankhula. Rozaria anadzuka, anamasula bulangete, natiuza ine ndi mayi wa ku Sinda kuti tichigoneke chitsekocho pa matumba awiri a feteleza pansi pa mtengo. Anatulutsa mbatata zake zophika n'kuziyala pamenepo. Ine ndinaikapo nkhuku yanga yokazinga. Wina anabweretsa zitumbuwa, wina mabanzi, wina botolo la maheu. Posachedwa anthu oposa khumi anali atazungulira, akudya ndi kufunsana kwawo.

Bambo wa jekete naye anabwera, natenga mbatata yaikulu kuposa zonse. Atamva kuti tikupita ku malire a Mozambiki, anapukusa mutu.

"Kuja musamale. Antu aja niwadziwa. Nthawi ya nkhondo anabwela kuno mazanamazana, tinawadyetsa. Manje ena mpaka lelo sanabwelele, angokhala, atilanda minda."

Ndinatsegula pakamwa, koma Rozaria anandiponda phazi. Anayang'ana bamboyo mofatsa.

"Ba tate, mbatata yamveka bwanji?"

"Yabwino maningi. Ya kuti?"

"Ya pa munda wa wothawa nkhondo. Nine. Tenganiko ina, ine niyenda kwathu, sinizakulandani famu."

Anthu anaseka mpaka mwana wakhanda anadzidzimuka. Bamboyo anatsala mbatata ili m'kamwa, osadziwa kaya ameze kaya alavule. Mayi wa ku Sinda anafunsa kuti zinakhala bwanji, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva mlamu wanga akufotokozera anthu achilendo za ulendo wake woyamba uja: kuti ankayenda atavula nsapato kuti zisamveke, kuti amayi ake ankatafuna chimanga chouma n'kumupatsa chifukwa moto sankasonkha. Sanalire. Ankafotokoza akusenda mbatata. Atamaliza, bambo wa jekete anapita m'basi, nabwera ndi botolo la madzi limene anali atabisa, n'kuliika pa chitseko.

Kondakitala anabwera patapita maola asanu, paipi ili m'manja ngati wapha njoka. Pokweza katundu, bambo wa jekete ndiye anagwira mbali imodzi ya chitseko, n'kumakalipira anthu kuti asachikande.

Pa mlatho wa Luangwa tinangoima pang'ono, moti nsomba zouma ndinagulira pawindo. Pa Nyimba ndinagula nthochi za mphatso. Titayandikira mphambano ya Petauke, Rozaria anatembenukira pawindo. Anatsamira galasi, akuyang'ana msewu wopatukira kumanzere.

"Amai ali uko," anatero. "Sinikwanitsa kuwatenga."

Ndinamugwira dzanja mpaka tinafika pa Sinda. Pa Katete tinatsika dzuwa litalowa kale, ndipo tinagona kwa mwana wa azakhali anga amene amakhala kuseri kwa msika.

Lachinayi m'mawa tinapita pamene pamaima galimoto zopita ku Chanida, ku malire. Inalipo imodzi, kagalimoto ka mipando isanu ndi iwiri, koma dalaivala ankafuna anthu khumi. Chitseko anachimangirira padenga popanda mkangano, mwina chifukwa pa msewu umenewo anaonapo zoposa apa. Tinakhala m'kati anthu anayi, tikudikira. Dalaivala ankaliza injini, kusuntha pang'ono ngati akunyamuka, n'kubwereranso pomwepo. Anachita zimenezi kanayi. Rozaria, amene dzulo lake anali wodekha ngati mwala, tsopano ndiye ankatuluka ndi kulowa.

Cha m'ma naini kunafika mayi wamtali, wakuda bii, wa ndolo zazikulu, atasenza mtolo wa zitenje. Anakhala pambali panga, theka la thupi lake lili pa ine, napereka moni kwa aliyense. Dzina lake linali Juliyeta. Amagula zitenje ku Katete n'kukagulitsa kwawo, kutsidya la malire. Zisanathe mphindi khumi anali atadziwa dzina langa, mpingo wanga, ndi matenda a bondo langa. Atatembenukira kwa Rozaria n'kumva kumene akupita ndi chifukwa chake, anawomba m'manja kamodzi.

"Munali kampu iti?"

Rozaria anamuuza.

"Inenso! Ife tinali kufupi ndi chigayo. Ine ndinabwerera ndi malole aja." Anatsamira kumbuyo. "Amayi, ndinapeza amuna anga, amene ndinkayesa anafa, ali moyo ndipo akwatira wina. Munda wa amayi anga akulima alamu. Ndinagona m'khonde la tchalitchi ndi ana awiri mpaka mvula inayamba. Aliyense ankati, inu munathawa, munkadya ufa waulere, ife tinavutika kuno. Ngati kuti tinapita kokasewera."

"Munaupeza munda?" anafunsa Rozaria.

"Patapita zaka zitatu. Chifukwa ndinali ndekha ndipo sindinkadziwa kanthu. Pano tilipo amayi ambiri amene tinabwerera. Tili ndi gulu. Wina akafika, timamuperekeza ku ofesi kukatenga chitupa, timamuperekeza ku bwalo. Mverani, lamulo la kwathu limati mkazi ali ndi ufulu pa munda chimodzimodzi mwamuna. Ndipo pepala likasowa, mboni za m'mudzi zimakwanira. Arimando wanuyo akudziwa zimenezi, akungoganiza kuti inu simukudziwa."

Anafunsa dzina la mudzi. Unali ulendo wa ola limodzi pansi kuchokera kwawo. Pomwepo anatulutsa foni n'kuyamba kuimba, akusakaniza Chichewa ndi Chipwitikizi. Ndinangomva "mawa m'mawa" ndi "valani chitenje chathu." Anthu atakwana khumi ndi mmodzi, galimoto inanyamuka iye akadali pa foni.

Kumbali ya Zambia sitinachedwe. Wapolisi wa zolowa ndi zotuluka anawerenga kalata ya Rozaria kawiri.

"Amai, mwayenda kosabwela?"

"Ana anga ali kuno, manda a amuna anga ali kuno. Nizayamba kubwela monga mulendo."

"Mukabwele na nkhuku," anatero akudinda. Pasipoti yanga inalandira chidindo chake choyamba, ndipo ndinachiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene munthu wamkulu ayenera kuchitira.

Pakati pa zipata ziwirizo tinayenda pansi. Ine ndi Rozaria tinanyamula chitseko, wina kutsogolo wina kumbuyo, Juliyeta atasenza zitenje zake pamwamba pa thumba lathu la mbewu. Madalaivala a malole amene anali pa mzere anatiimbira mahutala, wina akufuula kuti tikamaliza timubweretsere denga.

Kumbali ya Mozambiki pawindo panali mnyamata wa yunifomu yosita bwino. Analankhula Chipwitikizi. Rozaria sanamve ngakhale liwu limodzi, chifukwa chochepa chimene ankadziwa ali mwana chinatha kalekale. Anangopereka mapepala. Juliyeta analowa pakati n'kumamasulira. Mnyamatayo anaika pepala latsopano pambali pa khadi lakale la ku kampu. Pa pepala panalembedwa Rosária Joaquim. Pa khadi panali Rozalia Yoakimu Banda. Mlembi wina wa ku kampu, zaka zonse zija, analemba mmene anamvera, n'kuwonjezera Banda chifukwa mwina anaona kuti munthu sangakhale wopanda mfunda.

Mnyamatayo sanachite mwano. Anangoti awa ndi mayina awiri, ndipo iye sangadinde yekha. Tidikire akuluakulu ake, amene anapita kukaona malole.

Tinatsamiritsa chitseko pa khoma n'kukhala pa mthunzi wake. Inakwana thwelofu. Inakwana wanu. Osintha ndalama anabwera, Juliyeta anawathamangitsa awiri n'kusankha wachitatu, ndipo ndinalandira ndalama za kumeneko zimene sindinadziwe ngati n'zambiri kapena n'zochepa. Anandiphunzitsa kuthokoza kuti "obirigada," ndipo ndinayeserera pa mayi wogulitsa malalanje mpaka anandiwonjezera limodzi kuti ndichoke. Rozaria sanadye. Juliyeta anali atatiuza kuti chapa yomaliza, ndiko kuti minibasi ya kumeneko, imanyamuka cha m'ma folo. Ikatisiya, msonkhano udzachitika ife tili pa malire.

"Mulamu," anandinong'oneza, "ngati anikana? Ku Zambia nachoka, kuno anikana. Nizakhala pati? Pakati apa?"

"Tizamanga pano pamene," ndinatero. "Chitseko tili nacho."

Anaseka pang'ono, misozi ili m'maso.

Cha m'ma fili akuluakulu aja anafika. Anali mayi wamfupi wa magalasi, fumbi lili pa nsapato. Anatenga mapepala, anamvera mnyamata uja, kenaka anamvera Juliyeta, amene anali atatulutsa khadi lake lakale m'kachikwama ka pakhosi. Pa lake panalembedwa Juliet Phiri, chikhalirecho bambo ake anali a Fernando. Mayi wa magalasi anayang'ana makhadi awiriwo, mapewa ake n'kuyamba kugwedezeka ndi chiseko. Kenaka analankhula Chichewa chomveka bwino.

"Amayi anga anawalemba kuti Agnes. Dzina lawo ndi Inês. Ine ndinabadwira mu kampu ku Malawi." Anatembenukira kwa Rozaria. "Amayi anu anali ndani? Mudzi wanu uli pafupi ndi mtsinje uti?"

Rozaria anayankha zonse, mawu akutuluka pang'onopang'ono. Mayiyo analemba mizere ingapo kuseri kwa pepala, anasaina, nadinda yekha. Popereka, anagwira pepalalo ndi manja awiri.

"Mwachedwa, mayi. Koma takulandirani kwanu."

Juliyeta analuluta pomwepo pawindo. Ine ndinati "obirigada" mwina kasanu. Mnyamata wa yunifomu anatuluka n'kutithandiza kunyamula chitseko mpaka pa chapa, imene inali ikuliza kale injini.

Za msewu wa kutsidyako ndilibe zambiri, chifukwa ndinakhala chammbali, nkhope yanga ili pa mtolo wa zitenje. Tinatsika pa mphambano ina dzuwa litapendeka, Juliyeta anatipezera ngolo ya ng'ombe, natilonjeza kuti tionana m'mawa. Titalowa m'mudzi, gogo wina wowonda anali atakhala pa mpando m'mbali mwa njira. Anatiuza pambuyo pake kuti anakhala pamenepo tsiku lililonse kuyambira Lolemba. Anali a Felizarda. Sanafunse dzina. Anangoti, "Anasitaziya, mayendedwe ake omwewo," ndipo awiriwo anagwirana n'kugwera limodzi pansi. Ine ndinatsala nditagwira nthochi za ku Nyimba, zitapsa kale ndi kutentha, ndikulira ngati ndine mwini nkhani. Chitseko tinachiika m'nyumba mwa a Felizarda, kuseri kwa matumba a mtedza.

Lachisanu m'mawa msonkhano unachitikira pa khonde la sukulu. Mlembi wa mudzi anakhala pa desiki ndi buku lake. Arimando anali bambo wa imvi zochepa, wa manja a mlimi, osati chilombo chimene ndinkachiganizira m'basi. Analankhula mwaulemu. Anati munda umenewo waulima zaka zambiri, anazula zitsa yekha, ali ndi ana asanu ndi mmodzi. Anati mayi uyu sakumudziwa, ndipo aliyense angathe kubwera kuchokera ku Zambia n'kunena kuti ndi mwana wa Anasitaziya.

Akulankhula choncho, kunamveka nyimbo kumsewu. Anali Juliyeta ndi amayi khumi ndi awiri, onse atavala chitenje chimodzi chobiriwira. Anangobwera n'kukhala pansi kumbuyo kwa Rozaria, mizere iwiri. Ndinaona msana wa mlamu wanga ukuwongoka.

A Felizarda anachitira umboni, agogo ena awiri nawonso. Kenaka mlembi anafunsa Rozaria ngati akudziwa malire a mundawo. Anaimirira. Chinyanja cha ku Chongwe chinali chitamuchoka pakamwa, ankalankhula ngati azakhali a m'mudzimo.

"Umayambira pa chulu chachikulu, umatsika ndi mango atatu mpaka pa mtsinje. Kummawa kuli mwala wosalala umene amayi ankanolerapo khasu. Ndipo pansi pa mango wapakati sipalimidwa, chifukwa pali mng'ono wanga. Anamwalira wa masiku anayi. Ndinanyamula madzi ndine tsiku limene anamuika."

Arimando anayang'ana pansi.

"Bambo anga anandiletsa kulima pamenepo," anatero. "Sanandiuze chifukwa." Anadzutsa mutu. "Ndiwedi Rozaria. Unkandibera mango ndikakwera mumtengo."

"Unkaponya osapsa, akupsa ukudya wekha kumwamba," anayankha Rozaria.

Anthu anaseka, ndipo nkhani inapepuka kuyambira pamenepo, ngakhale inatenga mpaka masana. Anagwirizana kuti mbali ya mango ndi dimba la kumtsinje ndi ya Rozaria, ndipo ilembedwe m'dzina lake. Mbali inayo, imene Arimando anazulamo zitsa yekha, Rozaria anati aisunge, chifukwa ana asanu ndi mmodzi sadya malire. Mlembi analemba, onse awiri anasaina, Juliyeta anawerenga mokweza kuti pasakhale liwu lobisika. Lolemba lake amayi atatu a gulu lija anamuperekeza ku boma kukayamba za chitupa.

Ndinakhala masiku asanu ndi limodzi. Tsiku lonyamuka, ngolo yopita ku mphambano inafika m'mawa, ine nditavala kale, koma Rozaria sankaoneka. A Felizarda anati anatuluka kusanache. Mwini ngolo anayamba kung'ung'udza kuti ng'ombe zikupsa ndi dzuwa. Ndinakwera mtima uli wowawa pang'ono, ndikuganiza kuti zaka makumi atatu zonsezi, munthu angalephere kubwera kudzanditsanzika?

Titangodutsa sukulu ndinamva kufuula kumbuyo. Anali iye, akuthamanga, chitenje atachikwinyira m'mawondo, matope mpaka m'akakolo, khasu lili paphewa. Kumbuyo kwake amayi awiri a gulu lija ankamuseka. Anagwira ngolo akupuma wefuwefu, nandiponyera pamiyendo kamtolo ka masamba a maungu, onyowa ndi mame.

"Pepani, mulamu," anatero. "Ndinachedwa. Ndinali kumunda kwanga."